Mayi uja wa ku Njuli

Lero ndi 14 June, tsiku lomwe munatisiya, bambo a Grace. Ndakumbuka Loweruka lina mu 1999, tili awiri pakhonde ku Milepa, mukukonzekera mayeso a ku koleji. Munati funso lina amakupatsa mfundo ziwiri, iwe uone ngati zakwana kuyankha eya kapena ayi.

Ine ndinakupatsani zanga ziwiri: Lachitatu munakweza mayi wina panjinga ku Njuli, ndipo malaya anu anabwera akununkhira mafuta achilendo. "Ndi chibwenzi chanu, eya kapena ayi?" Munaseka: "Mayi a Grace, mfundo zanuzo sizinakwane." Pamaliro panu mayiyo analira kuposa ine. Mpaka pano tikakumana kumsika ndimamupatsa moni, koma kumufunsa ndimaopa.