Pomwe Njanji Zimakumana

Rula ya aphunzitsi athu inali yathabwa, yobenthuka kumapeto, ndipo inkagwira ntchito ziwiri: kulemba mizere ndi kutikwapula. Tsiku lina anajambula nayo mizere iwiri yoyendera limodzi pabolodi, nati, "Iyi sidzakumana mpaka Yesu adzabwere. Ili ngati njanji."

Ndinaimika mkono. "Iyayi aphunzitsi, njanji zimakumana. Ndimaziona ine."

Chikhatho chinatupa tsiku limenelo, koma ndinali ndi chifukwa chochitira makani. Chilimwe chimenecho bambo anali atakwera sitima pa Liwonde kulowera ku Nayuchi, ati kukaona abale ku Mozambiki, ndipo sanabwerere. Ine ndikaima pakati pa njanji ndinkaona bwinobwino zitsulo ziwirizo zikugundana kutali uko. Nzeru zanga zinkati sitima singapitirire pamenepo, choncho bambo ali pomwepo, akudikira wowatenga. Zonena za aphunzitsi zikanakhala zoona, ndiye kuti bambo apita kopanda mapeto. Zimenezo ndinazikana kwamtuwagalu.

Loweruka lina ndinanyamuka osatsanzika, chinangwa chootcha chili m'thumba. Miyala ya m'njanji inkatentha mapazi, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya mpaka makutu kuwawa. Ndinkasankha mtengo woyandikana ndi pokumanira paja, koma ndikafikapo, njanji n'kukhala zotalikirana monga kale. Ndinkayeza ndi mapazi, uku ndikulira.

Anandipeza ndi amalume, ali pa njinga, dzuwa litapendeka. Sanandikalipire. Anangoti, "Kwera mwana iwe, amako atha misozi."

Nditakula, ku koleji, ndinamva kuti akatswiri anakangana za mizere imeneyi kwa mibadwomibadwo, mpaka ena anayambitsa masamu momwe imakumana ndithu, pamalo oti diso limaona koma phazi silingapondepo. Ndinapsa mtima m'kalasimo. Ha! Nanga chikhatho changa chinatupiranji? Komabe aphunzitsi aja sindidana nawo, ankangopereka zomwe anapatsidwa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'china. Pobwerera ndinakumbatira amalume, nkhope nditaibisa kumsana kwawo, ndipo ndinamva fungo la bambo. Anali malaya a bambo a kutchalitchi, omwe amayi ankawasunga m'sutikesi osalola munthu kuwakhudza. Ine ndinkangoti amalume abwereka chabe, osadziwa kuti amayi anali atawapatsiratu, ataleka kudikira bambo. Njira yonse ndinkadandaula kuti awathimbiriritsa ndi thukuta, nanga bambo akabwera adzavala chiyani Lamulungu?