Mawu otsiriza anali a malume

Mdzukulu wanga wamkazi atayamba kusanza m'mawa uliwonse ndi kuyenda modzandira, ndinayamba kuyang'anitsitsa aliyense. Madzi ake ndinkatunga ndekha. Chitumbuwa chochokera kwa aneba ndinkayamba ndaponyerako nkhuku. Ngakhale bambo wake, mkamwini wa ku Dwambazi uja, sindinkamusiya yekha ndi mwanayo.

Titazungulira zipatala tinakafika ku Blantyre. Kumeneko anati ndi chotupa cha mu ubongo, ndipo chafalikira mpaka kumsana. Dokotala wina wamkazi anandikhazika pansi. Anati kunja akuyesa njira ina: amatenga magazi a mwana, n'kupatulamo asilikali a m'thupi, kuwaphunzitsa kuzindikira chotupacho, n'kuwabwezera. Sanalonjeze kuti achira. Anangoti atha kumufunsira malo ngati banja lalola.

"Magaziwo abwerera onse?" ndinafunsa.

"Agogo, inu mumayenera kukhala wapolisi," anatero akuseka.

Mumtima ndinalola. Koma kwathu mwana ndi wa mbumba, mayi wake sakanasaina popanda mawu a malume. Anapatsa dokotalayo nambala ya achimwene ake, amene amagwira ntchito ku nzimbe ku Dwangwa. Mwana wanga woyamba ameneyo, yekhayo amene sindinamuikepo diso.

Malumewo anandiimbira. "Amayi, ndayankhula nawo. Bwererani kumudzi, atiitana."

Tinadikira dzinja lonse, foni ili yomanga pachitenje. Mwana anasiya kuona bwino. Titabwerera ku Blantyre, dokotala uja anadabwa nditamufunsa za ulendo wa kunja uja.

"Si paja malume ake anati banja lakana?"

Apo n'kuti mwana atafooka, ulendo wautali sakanautha.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Dwangwa. Ndinamupeza akupukuta njinga yamoto yatsopano.

"Amayi, anthu a kwathu mukuwadziwa. Ndigule njinga, mwezi womwewo magazi a mwana wa mlongo wanga apite kwa azungu? Akanati ndamukhwimira. Akanandiotchera nyumba."

"Ukanandiuza, iwe."

"Mukanandikakamiza."

N'zoona, ndikanamukakamiza. Mwinanso njirayo sikanathandiza, dokotala ananena yekha. Koma miyezi yonse ija ndinkauza mwana wodwala kuti malume ako akukonza ulendo, iye n'kumafunsa ngati m'ndege muli chimbudzi.

Masiku ano mdzukulu wanga amagona pamphasa pambali panga. Malume ake akabwera Lamulungu, amawazindikira ndi mawu, amamwetulira n'kutambasula dzanja. Sindinamuuze. Ndimatuluka kukakhala kuseri kwa nyumba mpaka nditamva njinga ija ikuchoka.