Funso Limene Madigiri Analephera

Alamu anga, amuna a achemwali anga, amasakaniza penti m'sitolo ya zipangizo zomangira. Anzawo amawatcha Madigiri, poti ndi okhawo pamalopo amene anapondako ku yunivesite. Ndi dzina lowaseka, koma amavomera.

Digiriyo anaipeza mokwawa. Ali chaka chachiwiri, bambo awo anazungulira mutu. Ankavula malaya pamsewu n'kumalalatira magalimoto. Amene ankawasaka, kuwabweza kunyumba ndi kuwasambitsa anali alamuwo. M'kalasi ankangoonekera mwa apo ndi apo. Anamaliza, koma ndi magiredi omvetsa manyazi, ndipo ntchito za m'maofesi zinawadutsa.

Atatopa ndi fungo la penti, anaganiza zokachita digiri yachiwiri kusukulu ya zamalonda. Mayi wina wa mu ofesi yolandira ophunzira sanawabisire.

"Magiredi awa sangakunyamuleni, bambo. Bweretsani zina zoonetsa kuti mutu ulipo."

Anazibweretsa. Loweruka lililonse ankapita kukosi ya masamu, n'kumakhala pabenchi limodzi ndi ana oti akanatha kuwabereka. Mayeso olowera anawagwetsa, anabwerezanso, mpaka anakhoza bwino. Kusitolo anapempha kuti aziyang'aniranso mosungira katundu popanda kuwonjezera malipiro, kuti akhale ndi chonena. Kenako sukulu inawaitana kuti akawafunse mafunso pamaso.

Achemwali ankawakonzekeretsa akusita zovala.

"Akakufunsani za magiredi, munene za bambo. Mwamva, bambo a ana?"

"Ndamva."

"Musakangoti ndamva. Pakamwa panu ndimapadziwa, pamalemera."

Tsikulo alamu anavala jekete langa, zikhadabo atazipala mpaka kutuluka magazi kuti penti ichoke. M'chipindamo munali anthu atatu kuseri kwa tebulo lalitali. Za katundu ndi makasitomala anayankha mosadodoma, mpaka mmodzi anagwedeza mutu. Kenako wapakati anavula magalasi.

"Tiuzeni, chinachitika n'chiyani ku yunivesite?"

Alamu anandiuza pambuyo pake kuti mawu onse anali okonzeka pa lilime. Koma bambo awo anachira, masiku ano amakhala pakhonde atavala bwino, ana a m'dera akuwapatsa moni mwaulemu. Kuwavulanso malaya pamaso pa alendo atatu kuti iwo apeze malo, kunawakanika.

"Chinali chibwana," anatero. "Ndinkasewera."

Wamagalasi analemba kanthu. Mafunso anathera pomwepo.

Yankho litabwera lakuti malo sanapezeke, achemwali anakhala pansi m'khitchini, nsalu yopukutira mbale ili m'manja.

"Zaka zonsezi mwavutika kuti mukadzinamizire nokha? Bambowo akanamva? Ndani akanawauza?"

"Ndikanamva ine."

"Nanga anawa adzadya ulemu wanuwo?"

Alamu anandibwezera jekete atalipinda bwinobwino, n'kundithokoza ngati ndawachitira chachikulu.

Sukuluyo imalola kuyesanso chaka chotsatira. Ndinawakumbutsa kamodzi tikuyenda kupita kokwerera basi.

"Alamu, funso lidzakhala lomwelo," anatero, maso ali kutsogolo.

Sindinayambitsenso nkhaniyo. Mabuku a masamu achemwali anawaunjika pamwamba pa kabati. Mvula itayamba, denga linadontha pomwepo, madzi n'kumalowa m'mabukumo. Tonse tinkaona, koma palibe anakwera pampando kuti awatsitse.