Mbali Yanga ya Msewu

Mpaka lero ndikamva fungo la hita ya galimoto yakale, fungo lija la fumbi lotenthedwa losakanikirana ndi chinyezi cha majekete, ndimapezeka ndili ndi zaka naini, nditakhala m'kagalimoto kathu kobiriwira ku Tyrrelstown. Kunkakhala kudakali mdima ngakhale wotchi ikunena kuti kwacha. Zala zanga zinkawawa ndi kuzizira, ndipo adadi ankadikira kuti injini ifunde, manja onse awiri ali pachiwongolero ngati tanyamuka kale.

Adadi anali dalaivala weniweni. Tisanabwere ku Ireland ankayendetsa malole akuluakulu kuchokera ku Blantyre kukatenga katundu ku Beira, ndipo ankakonda kunena kuti zaka zonsezo sanagundepo ngakhale nkhuku. Ku Dublin ntchito yoyendetsa galimoto sanaipeze. Ankalongedza makatoni pamalo ena osungira katundu kuyambira masana mpaka madzulo, ndiye kagalimoto aka ndi kokhako kamene kankawakumbutsa kuti iwo ndi ndani. Loweruka lililonse ankatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oilo, kukapukuta ndi nsanza, kukabwezera, kukasololanso n'kukayang'anitsitsa. Kenako ankagwada patayala lililonse n'kupisa chala m'mizere yake. "Tayala likasalala ngati dazi, m'dziko muno ndiye kuti wagula bokosi," ankatero.

Amami ankagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba kufupi ndi Beaumont, ndipo eyiti koloko ankayenera kukhala atalowa. Pabasi unali ulendo wa mabasi awiri ndi kuima kwautali pamphepo. Choncho m'mawa uliwonse tinkanyamuka tonse atatu, poti panalibe wondisiya naye. Tikawatula amami, ine ndi adadi tinkabwerera kuti akandisiye kusukulu.

Chaka chimenecho kunazizira moti ngakhale eni dziko ankadandaula m'masitolo. Sinowo inagwa Khirisimasi isanakwane, n'kusungunuka pang'ono masana, n'kuumanso, msewu n'kusanduka galasi. Thaulo limene amami analiiwala pachingwe linauma gwa ngati chikopa cha ng'ombe. Galimoto zonse za mumsewu mwathu zinkadzuka zitavala zoyera, ndipo kulikonse kunkamveka kwee, kwee, anthu akupala magalasi. Adadi ankaphimbiratu galasi lakutsogolo ndi katoni ya kuntchito kwawo, n'kuipanikiza ndi mawaipa. Madzi a m'ketulo sankalola ngakhale pang'ono. Ankolo Zulu, a ku Zambia, amene ankakhala khomo loyandikana nafe, anathirapo madzi owira pagalasi lawo, galasi n'kung'aluka kuchokera uku kufika uko. Komabe ndi iwo omwewo amene ankatipulumutsa batire lathu likagona. Ankatuluka atavala chipewa cha ubweya, mawaya ofiira ndi akuda ali paphewa, akuseka kuti, "Mudala, motoka yakana futi?" Kagalimoto kakalira, onse awiri ankaomba m'manja ngati mwana wabadwa.

Ntchito yanga inali kupala magalasi a m'mbali ndi timagalasi toonera kumbuyo. Ndinali ndi kopalira kanga kapulasitiki, kabuluu. Ndiye tsiku lina, kuzizira kutangoyamba, adadi anachotsa kampando kanga kokhalapo ana kumbuyo n'kukaika kutsogolo. Amami anafunsa chifukwa chake, adadi anangoti mwana aziphunzira msewu. Atandimanga lamba anandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndine kondakitala wawo. Anati lole iliyonse yaulemu imakhala ndi munthu woyang'ana mbali ya kumanzere, ndipo mbali imeneyo inali yanga.

Ndinanyada kwambiri. Pa nthawiyo zinthu zambiri ndinkayankha m'Chingelezi, koma mawu a ukondakitala anandiphunzitsa m'Chichewa ndipo sankalola ena. Tikafika pamphambano ankafunsa kuti, "Mbali yako?" Ine ndinkati, "Kuli bwino, lowani," kapena, "Dikirani, ikubwera." Ndinkawawerengera zikwangwani, ndinkawauza za munthu wa panjinga, za basi yoima, za mayi wokankha mwana. Iwo ankandilipira ndi nzeru zawo. Anandiuza kuti pamsewu woterera umanyamuka ndi giya yachiwiri kuti matayala asazungulire pamodzimodzi. Mabuleki umaponda ngati pansi pake pali dzira. Galimoto ikayamba kutsetsereka usalimbane nayo, uyang'ane kumene ukufuna kupita osati kumene ukuopa. Amami ankakhala kumbuyo atafumbata fulasiki ya tiyi, akuwodzera, mutu ukugunda pawindo.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkasokoneza ulendo wathu, ndicho galasi. Adadi sankakhutira nalo. Ankalipukuta m'kati ndi kansalu kachikasu tisananyamuke, ankalipukutanso pamaloboti, nthawi zina ndi dzanja la jekete. Anasintha mawaipa kawiri m'mwezi umodzi. Anasintha mababu a nyali zakutsogolo, akuti akale aja anatopa. Magetsi a galimoto zobwera kutsogolo akatiwalira, ankatukwana chapansipansi kuti anthu a kuno sadziwa kutsitsa nyali. M'mawa wina amami analankhula ali kumbuyo, mawu awo ali otsika: "Bambo a Tiya, galasilo ndi loyera." Tinangomva hita ikuuzira mpaka ku Beaumont.

Tsiku limenelo linali Lachitatu, sukulu zitangotsegulira pambuyo pa Khirisimasi. Magolovesi anga ndinali nditawaiwala m'kalasi dzulo lake, ndiye ndinapala magalasi ndi manja opanda kanthu mpaka zala zinachita dzanzi. Nditalowa m'galimoto adadi anasuzumira pawindo la mbali yanga, n'kutembenuza mutu wonse, n'kukalipa. "Iwe Tiyamike, wapala kapena wapaka phala? Tuluka ukapalenso." Ndinatuluka. Windolo linali loyera moti ndinkaona nkhope ya amami bwinobwino, koma ndinalipalanso, misozi ikutentha m'masaya. Pobwerera pampando ndinalumbira mumtima kuti tsiku limenelo sindilankhula ndi adadi.

Popita amami ndi amene ankayankha. Adadi akati, "Mbali yako?" ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga, amami n'kunena ali kumbuyo kuti alowe. Titawatula anandigwira tsaya n'kundiuza kuti ndisiye mwano. Koma ine mtima unali udakali m'mwamba. Pobwerera kunali kutayamba kuyera, kuyera kwa phulusa kuja, ndipo kunkagwa timvula tosakanikirana ndi sinowo. Adadi anafunsa kawiri, ine chete. Anasiya kufunsa. Anayenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse, atasendeza chifuwa pafupi ndi chiwongolero.

Tinalowa mumsewu wina wa nyumba za njerwa zofiira, umene lole yothira mchere wosungunulira madzi oundana inali isanadutsemo. Kumanzere, patsogolo pathu, ndinaona bambo wokalamba wa chipewa chofwafwalala, ali ndi kagalu koyera pachingwe. Kagaluko kanatsika mumsewu, mwini wake akukatsatira. Ndinawaona bwinobwino. Ndikukumbuka kuti kagaluko kanavala kajuzi kofiira, ndipo ndinaganiza kuti ndi zoseketsa. Mawu akuti "dikirani" anafika pakamwa, koma ndinati adadi awaona okha, si ali poyera. Pamene ndinkakuwa n'kuti tafika kale.

Adadi anaponda mabuleki ndi mphamvu zawo zonse, zimene anandiuza kuti munthu asamachite. Kagalimoto kanatsetsereka chammbali mwakachetechete. Panamveka kaphokoso kakang'ono pansi, ngati wagwetsa mtolo wa zovala, kenako tayala linagunda m'mphepete mwa msewu ndipo tinaima.

Bambo uja sitinamugunde. Chingwe ndi chimene chinamukoka n'kumugwetsa chogwada. Nditatuluka ndinamupeza akukwawa m'matope a sinowo, akuitana dzina la galu wake mobwerezabwereza. Kagaluko kanagona pafupi ndi tayala lakumbuyo, mwendo umodzi ukunjenjemera, kenako unasiya. Adadi anavula jekete lawo, lokhalo lotentha limene anali nalo, n'kukakulunga. Anagwada pamenepo ndi malaya okha. Mkuluyo sanakalipe. Anangowayang'ana n'kufunsa m'Chingelezi ngati sanawaone.

"Sindinakuoneni, bambo," anatero adadi. "Sindinakuoneni n'komwe."

Anthu anatuluka m'nyumba, mayi wina anandifunditsa bulangete lonunkhira sopo wachilendo. Apolisi anabwera, analemba zolemba zawo, anati msewuwo unali woterera ndipo zoterezi zimachitika. Anatiuza kuti tikhoza kumapita. Koma adadi sanakhalenso pachiwongolero. Anaimbira foni ankolo Zulu, amene anabwera pa takisi n'kutiyendetsa mpaka kunyumba. M'njira monse ankolo ankayesa kuwalimbitsa mtima kuti ndi galu chabe, mwayi munthu ali moyo. Adadi anakhala mbali yanga, manja ali pamaondo.

Kuyambira tsiku limenelo amami ankadzuka faifi koloko kuti akapeze basi yoyamba. Ine ndinkapita kusukulu wapansi, adadi akundiperekeza atagwira phewa langa, akuti kuopa kuti ndingaterereke. Kagalimoto kanangokhala pakhomo. Koma sanakasiye. Madzulo ankakaphimbabe ndi katoni. M'mawa uliwonse ankapala magalasi onse okha, n'kulowa, n'kuliza injini kwa mphindi khumi kuti batire lisafe. Ndinkawaonera pawindo la kuchipinda kwanga, utsi woyera ukutuluka kumbuyo, nyali zikuwala pakhoma la nyumba yathu, iwo atakhala tsonga m'galimoto yosapita kulikonse.

Ndinasunga nkhaniyo m'mimba milungu itatu. Chakudya sichinkalowa. Ndikatseka maso ndinkaona kajuzi kofiira. Tsiku lina Loweruka m'mawa, adadi akuliza injini, ndinatsika, ndinatsegula chitseko cha mbali yanga n'kukhala pansi. Kampando kanga kanali katachotsedwa, ndiye ndinamira mumpando waukuluwo. Ndinalankhula m'Chichewa, poganiza kuti mwina akhululuka msanga.

"Adadi, galu uja ine ndinamuona. Ndinangokhala chete dala."

Anatembenuka thupi lonse kuti andiyang'ane. Kenako anazimitsa injini. "Usadzanenenso zimenezo," anatero. "Wamva? Usadzanenenso." Anatuluka n'kulowa m'nyumba, ine n'kutsala ndekha, injini ikuthetheka pozizira.

Kunja kutayamba kufunda, timaluwa tachikasu titatuluka m'mphepete mwa misewu, kunabwera mnyamata wina wa kutchalitchi kwa ankolo Zulu kudzatenga kagalimotoko. Adadi anakatsuka okha dzulo lake. Anamusunga mnyamatayo pafupifupi ola lathunthu, akumufotokozera kuti giya yobwerera m'mbuyo imafuna kuinyengerera, kuti madzi a mawaipa azithiramo mankhwala oletsa kuundana, kuti tayala lakumanzere limataya mpweya pang'onopang'ono. Anamupatsa nsanza ya oilo, kansalu kachikasu, ngakhale kopalira kanga kabuluu. Galimoto itanyamuka sanaiyang'ane. Anapendeketsa mutu, akumvetsera kulira kwake mpaka inakhota pakona.

Ndinamvera lamulo lawo. Sindinanenenso, kwa iwo kapena kwa wina aliyense. Maso awo atayamba kuipa poonekera, ndili ku sekondale, ndinkadziwa kuti akudwala, koma m'mutu mwanga matendawo ndi galu uja zinali nkhani ziwiri zosiyana. Ndinakula ndikukhulupirira kuti ndinalanda bambo anga chiwongolero chifukwa cha mkwiyo wa m'mawa umodzi, ndipo iwo anandiletsa kutchula nkhaniyo chifukwa sakanatha kundikhululukira.

Adadi anamwalira ndili ndi zaka twente-thuu. Tikulongedza mapepala awo, amami anandipatsa kalata ya dokotala wa maso, yolembedwa miyezi iwiri chisanu chija chisanayambe. Inkanena za nthenda imene imadya maso kuyambira m'mbali, munthu n'kumaona ngati akusuzumira m'paipi, ndipo inkawalangiza kusiyiratu kuyendetsa galimoto. Amami anati iwonso kalatayo anaiona ngozi itachitika kale. Ndipamene ndinawauza zimene ndinanena Loweruka lija. Anagwira pakamwa. Anati tsiku limenelo adadi anadzitsekera kubafa, anatsegula mpopi kuti ndisamve, ndipo atatuluka anangonena kuti, "Mayi a Tiya, ndamusenzetsa mwana katundu wanga."

Masiku ena adadi ndimawakwiyira. Anaika mkazi wawo, mwana wawo ndi anthu osalakwa a mumsewu m'manja mwa kamtsikana ka zaka naini, osakauza n'komwe chimene kanyamula. Masiku ena ndimangoona bambo amene anali atatayapo kale dziko, ntchito ndi dzina, akuyesa kukoka chaka chimodzi chokha kuti mkazi wawo asaime pamphepo. Mwana uja anamva chiweruzo m'mawu awo. Ine wa lero ndimamva munthu wochita manyazi, amene ankafuna kunena kuti cholakwa si changa koma mawuwo anamukanika, chifukwa kuti awanene anayenera kuvomera kuti sakuona. Tinakhala nyumba imodzi zaka zina khumi ndi zitatu, aliyense akuganiza kuti ndi iye amene ayenera kupepesa.