Makoma a ba Mwape

Mwezi wa Julayi, mphepo ikamaulutsa fumbi kuchokera kumafakitale, sindikwera minibasi popita ku mapemphero a amayi ku Lilanda. Ndimayenda pansi kuti thupi lifunde. Chimwalirireni bambo a kunyumba ndimayenda ndekha, ndipo maso anga amakhala pa makoma. Kuyambira pakhomo panga muno mu komboni ya George mpaka kutchalitchi, zithunzi zambiri zinajambulidwa ndi munthu mmodzi, ba Mwape Nsama.

Pa babashopu ya Ricky pali mitu ya anyamata ometa mosiyanasiyana. Onsewo ndi ana a mukomboni muno, chifukwa ba Mwape sankajambula nkhope yongoganizira. Ankaimitsa wodutsa n'kumuuza kuti asagwedezeke. Pa butchala pali ng'ombe yomwetulira. Pa kiosiki ya madzi pali mayi wosenza chigubu, ndipo tonse timadziwa kuti ndi Ketty wogulitsa madziwo, ngakhale iye amati chiuno chake sichinafike pamenepo.

Ba Mwape anachokera ku Mufulira ali mnyamata, nayamba ndi kupenta mageti a mafakitale. Anali aafupi, osakwatira, ndiponso achibwibwi kwambiri. Akapatsidwa khoma, ankabwera dzulo lake, kuliyeza ndi chikhatho, n'kulembapo timitanda ta choko pamene padzakhale maso, mphuno ndi zilembo. Penti ankabwera nayo m'mawa mwake.

Ndiye kunabwera chaka cha mphekesera za gasi. Ankati kuli anthu opopera mankhwala m'nyumba kuti eni ake akomoke. Tinkagona titavala nsapato. Kenako kunamveka kuti nyumba imene aisankha amayamba aiika chizindikiro masana.

Masiku amenewo ba Chisala a golosale anapempha ba Mwape kuti awajambulire buledi ndi shuga pakhoma lam'mbali. Kuseri kwa khoma lomwelo kunali chipinda chimene ankachita lendi Fabian, kondakitala wa minibasi, ndi mkazi wake ndi khanda. Mkaziyo ataona timitanda ta choko, sanagone.

M'mawa ndinali pamzere wa madzi pamene ba Mwape anafika ndi chikwama chawo. Fabian anali atawadikira.

"Mudala, ni vichani vili mu chikwama?"

"Ni pe... pe... pe..."

Fabian analanda chikwamacho n'kuchikhuthula. Munagwa maburashi, kachitini ka penti yachikasu, kampope kopopera penti, ndi botolo la mafuta osungunulira penti. Analitsegula, nanunkhiza, natsokomola.

"Gasi iyi," anatero.

Mawuwo anathamanga kuposa munthu. Mzere wa madzi unatha, zigubu zinatsala zokha. Mwala woyamba unawapeza ba Mwape pamwamba pa diso. Anagwa chagada, nadzuka, wina n'kuwamenya thabwa kumsana. Amayi amene ndimagawana nawo buku la nyimbo anatola miyala. Anyamata amene mitu yawo ili pa babashopu ankawaponda m'nthiti ndi nsapato. Magazi anasakanikirana ndi penti yachikasu imene inatayika pansi.

Ba Mwape anakwawira kukhomo la golosale. "Ba Chi... Chi... Chisala, bauzeni."

Ba Chisala anawayang'ana, nayang'ana gulu lija, n'kukoka chitseko chachitsulo. Tinamva loko akutsekeka mkati.

Fabian ananyamula mdadada wa simenti ndi manja awiri. Ba Mwape anatchinga nkhope ndi dzanja lamanja, mdadada n'kutsikira pamenepo. Phokoso lake ndimalimvabe. Wina anagubuduza tayala, wina anawathira mafuta a m'botolo lawo lomwe kumutu ndi pamalaya, ndipo anthu anayamba kufunsana machesi.

Ketty ndiye anatuluka mu kiosiki atanyamula chigubu chodzaza. Anakhuthulira madzi pa ba Mwape, pa tayala, ndi pa mnyamata amene anali atatulutsa machesi.

"Fabian, ndiwe chipuba, ulibe nzelu," anatero akupuma movutikira. "Uja mutu wa pa babashopu, wa makutu monga mbale, ni wa ndani? Anakujambula ni ndani? Lelo wamuibala?"

Ena anaseka, ndipo kuseka kuja kunatipatsa mpata. Ndinavula chitenje cha mpingo n'kuwafunditsa, ine ndi Ketty tinawagwira m'khwapa, Ricky anagwira miyendo. Tinawalowetsa mu kiosiki n'kutseka. Miyala inagwa pachitseko ndi padenga mpaka apolisi anafika. Muja ndinapemphera, koma mawu anali ochepa. Dzanja lija silinkaoneka ngati dzanja.

Anakhala moyo. Kuchipatala anawadula zala zitatu, ndipo diso limodzi silionanso. Palibe amene anamangidwa. Fabian akadali pa minibasi, ndipo amandipatsa moni.

Tsopano ba Mwape amakhala kwa mlongo wawo ku Lilanda, kumbuyo kwa msika, ndipo amagulitsa makala a m'timapepala. Lachinayi lapitali ndinawapeza akuothera dzuwa, chipewa chaubweya chitafika m'makutu, dzanja lija lili m'thumba la jekete.

"Ba mayi, mwa... mwayenda na mendo futi? Mphepo iyi."

Ndinati kuyenda kumandithandiza. Ndinawafunsa za thupi. Anati kukazizira zala zimawawa, zomwe kulibezo. Kenako anandiuza kuti ba Chisala anatumiza uthenga, akufuna adzamalize khoma lija chifukwa opikisana nawo apenta kale.

"Nanga munawayankha chiyani?"

"Ninati bafunse Fa... Fabian. Ni eve ali na vikumo vanga." Ankanena zala zija.

Panabwera mayi wofuna makala. Ba Mwape anakanikiza kapepala pachifuwa ndi mkono wamanja, n'kumanga mfundo ndi mano.