Filiji yanga inadulitsa mwendo wa mayi anga

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu kuti oweruza musavutike ndi kufufuza. Mayi anga lero ali ndi mwendo umodzi ndi theka, ndipo theka linalo ndinachotsetsa ndine. Mpeni sindinaugwire ayi. Ndinagwira pulayazi, tepi yakuda, ndi nzeru za chaka chimodzi ndi miyezi inayi za ku koleji. Inu owerenga, makamaka inu amene pakhomo panu amakutengani ngati ophunzira, khalani pansi mumve.

Ndinkaphunzira zamagetsi pa koleji ina ku Blantyre. Ine ndi kolejiyo tinasiyana mwamtendere, zitaoneka kuti mayankho anga ndi mafunso awo sakumvana. Ndinabwerera kwathu kwa Kanduku ndi ovolosi ya buluu ndi kachipangizo koyezera moto m'mawaya. Anthu ataona ovolosiyo anayamba kunditchula kuti a Injiniya. Ine, pokhala munthu woleredwa bwino, sindinafune kutsutsana ndi akuluakulu.

Ntchito yanga yoyamba inayenda, ndipo tsoka linayambira pomwepo. Ndinaika kasola padenga, mababu atatu m'nyumba, ndi pothirira moto m'mafoni. Koloboyi tinamupumitsa, palafini tinamuiwala. Kenaka ndinatembenuka mtima n'kukhala mlaliki wosamala chilengedwe. Mabotolo apulasitiki ndinkadula n'kufesamo mbande, matayala akale ndinawasandutsa mipando, ndipo munthu akataya chitini ine ndikuona, ankamva ulaliki wa mphindi makumi awiri popanda nyimbo. Zonsezi zinali zabwino, sindikuzinyoza. Koma munthu wosamaliza sukulu akalondola kamodzi, amayamba kuganiza kuti aphunzitsi aja ankangomuchitira nsanje.

Mayi anga ali ndi matenda a shuga, ndipo amadzibaya jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo. Mankhwala amenewa safuna kutentha. Kuchipatala anawaphunzitsa njira ya anthu opanda magetsi: mtsuko wadothi, mchenga wonyowa m'katimo, kachitini kokhala ndi timabotolo ta mankhwala pakati pa mchengawo, ndi kansanza konyowa pamwamba. M'mawa uliwonse ankathira madzi pamchengapo asanatsuke n'komwe m'kamwa. Zaka zisanu ndi ziwiri anachita zimenezi, ndipo ankalima, kukwera zitunda za kwathu, kusenza dengu la manachesi mpaka kumsewu.

Ine mtsukowo unkandinyansa. Mayi a Injiniya kusunga mankhwala ngati mbewu ya maungu? Ndinkaona ngati anthu akundiseka, chonsecho palibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganizako.

Tsiku lina ndili kumalire ndinapeza kafiliji kakang'ono katatayidwa kuseri kwa malo ena ogona alendo. Batire ndinalipeza kwa dalaivala wina wa thiraki wochokera ku Tete, tinasinthana ndi thumba la manachesi. Mwamuna uja anali wachilungamo. Pondipatsa anati, "Amigo, batire ili latopa ngati ine. La wailesi basi, osati zambiri." Ndinamuseka mumtima, ndikuti dalaivala angadziwe chiyani za magetsi.

Kunyumba ndinaonjezera sola yachiwiri, n'kulumikiza inveta yosinthira moto wa batire kuti filiji iuvomere. Filijiyo inakana kudzuka. Nditaifufuza ndinapeza kuti kachipangizo kamene kamaizimitsa ikazizira mokwanira kanali katafa. Munthu womaliza sukulu akanakasaka kena. Ine ndinangokadula, n'kugwirizanitsa waya uwu ndi uwo, n'kukulunga tepi. Filiji inalira. Ndinaimirira pakati pa nyumba manja ali m'chiuno ngati ndatulukira dziko latsopano.

Loweruka lotsatira panali mwambo wotsegulira, ngakhale sitinaitane nduna. Anansi anabwera kudzamwa thobwa lozizira mpaka kuwawa mano. Pamaso pa anthu onsewo ndinatulutsa timabotolo ta mayi mumchenga muja n'kutiika m'kachipinda kam'mwamba ka filiji, mozizira kwambirimo, poganiza kuti ngati kuzizira n'kwabwino, kuzizira kwambiri n'kwabwino kwambiri. M'kabokosi ka mankhwalawo munali pepala lopindapinda la tizilembo ting'onoting'ono. Ndinakulungamo tizitsulo totsala.

Kenaka ndinatenga msomali n'kuboola mtsuko uja pansi kuti ndibzalemo tsabola, poti chinthu sichiyenera kukhala popanda ntchito. Mayi anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Bwanji mtsukowo ungokhala, bambo? Sudya kanthu." Ndinawayankha kuti tikupita chitsogolo. Anangoti, "Chabwino, inu ndinu odziwa."

Zimene zinkachitika m'filijimo ndi izi. Dzuwa likafika pamutu, filiji inkathamanga osapuma, poti choiimitsa ndinali nditadula, ndipo timabotolo tija tinkauma gwa ngati miyala. Dzuwa likapendeka, batire lotopa lija linkagonja, inveta n'kulira kaye pang'ono, zonse zii. Pofika m'mawa, ndi kutentha kwa Okutobala pansi pa malata, m'filijimo munkakhala mofunda ngati m'thumba la thalauza. Mawa lake chimodzimodzi. Insulini ikangouma ndi kuzizira kamodzi kokha, mphamvu yake yatha. Zinalembedwa papepala lija.

Pano ndisaname. Za kuuma kwa mankhwala sindinkadziwa kuopsa kwake, koma zoti filiji ikuzima tsiku lililonse ndinkadziwa. Kulira kwa inveta kuja ndinkakumva. Ndinangokhala chete, chifukwa alendo ankabwera masana, ndipo masana madzi ankakhala ozizira.

Mayi nawonso ankaona. Kabotolo kakauma ankakafumbata m'manja mpaka kasungunuke. Anaona timibulu tikuyandama m'mankhwala amene kale ankasakanikirana bwinobwino. Anayamba ludzu losatha, kupita kuthengo pafupipafupi, kuonda, ndi kukhala pansi pakati pa mzere akulima. Sanandiuze. Atapita kukatenga mankhwala a mwezi, achipatala anapeza shuga atakwera, n'kuwafunsa kumene amasunga mankhwala. Mayi anayankha monyadira kuti m'filiji, mwana wawo anawakonzera. Ndani angakayikire filiji? Anawaonjezera muyezo wa jakisoni n'kuwalangiza za kadyedwe. Mankhwala atsopanowo anafikira m'kachipinda kam'mwamba komweko, ndipo amene anawaikamo ndi manja ake ndi ine.

Mvula yoyamba itagwa, mayi anaponda chitsa cha nandolo kumunda. Kabala kake kanali kochepa, koti ine kapena inu masiku atatu tikanaiwala. Sabata inatha, kabala kakukula. Sabata yachiwiri phazi linatupa n'kuyamba kuda. Ine ndinadzikweza paudindo kuchoka pa injiniya kufika pa dokotala, n'kumawatsuka ndi madzi amchere.

Anatipulumutsa ndi achemwali anga aakulu amene anakwatiwa ku Thambani. Anabwera kudzatenga mbewu ya mtedza, ndipo atangolowa pakhomo anaima n'kununkhiza. Anavundukula chitenje chimene mayi anaphimba phazi, n'kundiyang'ana.

"Iwe, mphuno unasiya ku koleji komweko?"

Sanadikire yankho. Anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto.

Kuchipatala, dokotala wina wachinyamata, mwina msinkhu wanga womwewu koma womaliza sukulu, anapempha kuona kabotolo kamene mayi ankagwiritsa ntchito. Anakaunika pawindo, n'kufunsa za filiji. Ndinapita patsogolo. Ndinafotokoza za sola ziwiri, za batire, za inveta, ndi za nzeru yanga yodula kachipangizo kaja, ndikuponyamo Chingerezi apa ndi apo kuti adziwe kuti akulankhula ndi mnzake. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka anati, "Achimwene, ndiye kuti kwa miyezi itatu mayi anu akhala akudzibaya madzi."

Anatitumiza ku Blantyre, mzinda womwe uja ndinasiyamo sukulu. Madokotala anayesetsa masiku angapo, koma chilonda chinali chitakwera. Anadula m'munsi mwa bondo la kumanzere.

Dokotala wa kumeneko anayesa kunditonthoza kuti matenda a shuga ali ndi njira zambiri zofikira pamenepa, ndipo sitingaloze chinthu chimodzi. Ndinathokoza. Koma zaka zisanu ndi ziwiri za mchenga wonyowa mayi ankaponda minga n'kupola, ndipo miyezi itatu ya ukatswiri wanga inawasiyira ndodo. Masamu ndinalephera ku koleji, koma awa ndimawatha.

Chimene chinandithyola kwenikweni ndinachimva kwa achemwali, titakhala pa benchi kunja kwa wodi. Anali atawafunsa mayi chifukwa chimene sananenere kuti mankhwala asintha maonekedwe. Mayi akuti anayankha kuti, "Mwana uja anabwera kuchokera ku sukulu mutu uli pansi. Filiji ija ndi imene inamudzutsa. Ndikanamuuza bwanji kuti nayonso yalephera?" Achemwali atandiuza zimenezi sanaonjezerepo chipongwe chilichonse, ndipo kwa munthu wowadziwa, chimenecho chinali chilango chachikulu kuposa kutukwana.

Inu owerenga, musandimve molakwa. Sola ilibe mlandu. Mababu atatu aja akuyakabe mpaka lero, ndipo ndikanakonda nyumba iliyonse kwa Kanduku itakhala nawo. Kutola zotayidwa n'kuzipatsa moyo wina kulibenso mlandu. Wolakwa ndi munthu wodziwa theka amene amachita manyazi kufunsa theka linalo. Ngati mwakonza chinthu ndi manja anu, chiyeseni ndi thobwa chaka chathunthu musanachipatse moyo wa munthu. Kachipangizo kalikonse kamene mwakapeza m'makina, anakaikamo anali ndi chifukwa, musakadule poti simukukamvetsa. Mwini batire akakuuzani kuti latopa, latopadi. Tizilembo ting'onoting'ono ta m'mabokosi a mankhwala tiwerengeni, ndipo achipatala akafunsa kumene mumasunga mankhwala, musangoti m'filiji, nenaninso kuti ndi filiji yotani ndipo anaikonza ndani. Chinthu chakale chikamagwira ntchito popanda waya, popanda batire, popanda utsi, chinayamba kale kusamala chilengedwe inu musanabadwe. Chisiyeni.

Nanunso makolo, ndikupempha ndi ulemu wonse. Ana anu tikalakwitsa, tiuzeni pomwepo. Manyazi a mwana amapola m'masiku awiri. Musawalipire ndi thupi lanu.

Masiku ano kumunda ndimapita ndine, ndipo mwezi uliwonse ndimawakweza mayi panjinga kupita kuchipatala, pokwera chitunda ndimatsika n'kumakankha. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikanakonda akananena. Khirisimasi yapitayi achemwali anawagulira nsapato zakuda zopitira kutchalitchi. Kusitolo sagulitsa imodzi. Mayi anavala yakumanja, anaitembenuza uku ndi uku n'kuiyamikira. Kenaka anatenga yakumanzere, yatsopano, pepala likadali m'kati, n'kundipatsira.

"Bambo, inu simutaya zinthu. Iyi mupanga nayo chiyani?"

Anafunsa akuseka, ndipo achemwali anaseka nawo. Ine ndinailandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu, n'kutuluka panja.