Kabokosi Kamene Kanalankhulitsa Bambo

Kanali kabokosi koikamo sopo, kobiriwira, koboola mbali ziwiri. Uku kunkalowa waya wochokera ku wailesi ya makaseti, uko kunkatuluka wina wopita ku kompyuta. Anakapanga ndi bambo aang'ono, mng'ono wa bambo anga, m'nyengo ya chiperoni, chaka chimene maliro a bambo anabwera kuchokera ku Joni. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Bambo anatisiyira nyumba ya zipinda zitatu ku Ndirande ndi makaseti asanu. Kulemba kunkawavuta, ndiye m'malo mwa kalata ankajambula mawu awo n'kupatsira madalaivala a mathiraki. Ankatiuza za kuzizira kwa kumeneko, za malata oti tigule, za ine kuti ndisamajombe kusukulu. Kaseti ikatafunidwa, mayi ankaibweza ndi bolopeni, mofatsa ngati akutsuka bala.

Bambo aang'ono ankakonza mawailesi pamsika. Tsiku lina anati, "Alamu, matepi amaola awa. Ndiwasamutsire mu kompyuta, achimwene asafe kawiri." Mayi anawapatsa onse asanu, n'kuwaphikiranso tiyi wamkaka. Tiyi ameneyo amandipweteka mpaka lero.

Anagwira ntchitoyo pakhonde pathu milungu iwiri, chifunga chitaphimba phiri. Ankazula tizida m'mawailesi akufa, n'kutiwotcherera mozungulira kachipu kakuda ka miyendo yambiri ngati bongololo. Utsi wa mtovu unkandiyabwa m'mphuno, koma sindinkachoka. Laputopu anabwereka kwa aphunzitsi a pafupi nafe. Poyamba munkangomveka kulira kwa njuchi, mpaka anapeza waya amene anali lende. Kenako bambo anatsokomola m'sipika, ndipo pagalasi panatuluka timapiri tosongoka.

"Awo ndi mawu," anatero bambo aang'ono. "Kabokosika kamawadula tizidutswa kuti kompyuta iwameze. Akalowa, umawasoka mmene ukufunira."

Anandijambula ndikunena kuti, "Sindikufuna kusamba." Anachotsa kaphiri koyamba, ndipo ndinadzimva ndikuti, "Ndikufuna kusamba." Ndinaseka mpaka kugwa pansi. Iwonso anaseka, koma maso awo anali pagalasi.

Lamlungu lina masana kunabwera achibale a bambo ochokera ku Nsanje kudzakambirana za katundu. Anadzaza pabalaza, mayi atakhala pansi pafupi ndi chitseko. Bambo aang'ono anati apeza uthenga kumapeto kwa kaseti yomaliza, umene mayi ankaubisa. Anatsegula sipika mpaka kumapeto.

"Nyumbayi ndikufuna mng'ono wanga akhalemo. Mayi a mwana apite kwawo."

Mawuwo ankadumphadumpha ngati minibasi ya mumsewu wa maenje. Lero ndikudziwa kuti "nyumbayi" anachotsa pa nkhani ya malata, "apite kwawo" pa nthawi imene agogo ankadwala. Tsikulo palibe ankadziwa kuti wakufa angasokeredwe mawu pakamwa.

"Sanalankhulepo zimenezi," mayi anatero. "Bweretsani makasetiwo timve tonse."

"Anatafunidwa onse, alamu. Si ndinakuuzani kuti amaola?"

Azakhali aakulu anandikodola, n'kundigwira phewa ndi dzanja lozizira. "Mwana sanama. Iwe, amene walankhulayu ndani?"

"Ndi ababa!" ndinafuula. "Bwerezaninso!"

Anabwereza katatu. Ulendo wachitatu ndinkanenera nawo limodzi mawuwo, monga tinkachitira ndi ndakatulo kusukulu, ndipo ena anaseka. Mayi anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuweramitsa mutu. Anapita kwa aphunzitsi aja madzulo ake kukapempha kuti aone zimene zinali mu laputopu, koma iwo anati nkhani za pabanja salowerera.

Tinasamuka Loweruka lotsatira, mvula yowaza ikunyowetsa matiresi pa wilibala, kupita kukachipinda kamodzi ku Bangwe. Bambo aang'ono anali atayamba kale kusintha loko. Anandipatsa switi ziwiri, ine n'kugwada polandira.

Mayi sanandimenye, sanandikalipirenso. Anangosiya kundifunsa chilichonse, ngakhale zoti ndadya kapena ayi, kwa miyezi yambiri. Ine ndinkawakwiyira. Ndinkaona kuti ndi munthu wosayamika: wina wavutika milungu iwiri kuti atibwezere bambo, iwo osanena n'komwe zikomo. Ndipo kusukulu yatsopano ndinkadzitama kwa anzanga kuti pa msonkhano wa akuluakulu anafunsa ine ndekha, ndipo ndinakhoza.